Mwana anabayitsa kale BCG, nanga mankhwala a miyezi 6 ndi achiyaninso?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Ali ndi khanda la miyezi iwiri lomwe linabayidwa katemera wa BCG, woteteza ku TB, tsiku lobadwa, komanso mwana wina wa zaka zitatu. Apongozi awo aamuna, omwe akukhala nawo nyumba imodzi, apezeka ndi chifuwa chachikulu (TB) atayezetsa makhololo, ndipo kuchipatala anena kuti ana onse awiri azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Mayiwa akufunsa kuti: "Ngati katemera uja amagwiradi ntchito, ana osadwala amwerenji mankhwala? Komanso pamkono pa khandali patuluka kachilonda ka mafinya, pomwe mkulu wakeyu alibe ndi chipsera chomwe. Kodi chinalakwika n'chiyani?"

Mayi, anawo amwe mankhwalawo, ndipo musachedwe kuyamba. Achipatala sanakuuzeni zimenezi chifukwa chokayikira katemera, ayi. Nkhani ndi yakuti BCG ali ndi polekezera.

Katemerayu ndi wakalekale. Anamupanga ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin a ku France, kuchokera ku kachirombo ka TB ya ng'ombe komwe anakafooketsa, ndipo anayamba kumugwiritsa ntchito pa anthu mu 1921. Ntchito yomwe amaichita bwino ndi kutchinga mitundu iwiri ya TB imene imapha ana aang'ono mofulumira: yolowa mu ubongo, ndi yomwazika thupi lonse kudzera m'magazi. Pa ana 10 omwe akanadwala mitundu imeneyi, katemerayu amapulumutsa pafupifupi 7. Koma saletsa kachirombo kulowa m'mapapo mwa mwana amene akupuma mpweya umodzi ndi munthu wotsokomola. Kakalowa kamakhala phee, ndipo mwa mwana wosakwana zaka ziwiri kamatha kudzuka pa miyezi yochepa chabe, poti chitetezo cha m'thupi mwake sichinakhwime. Mankhwala amene mwauzidwawo amapha kachiromboko kasanadzuke. N'chifukwa chake mwana aliyense wosakwana zaka 5 wokhala nyumba imodzi ndi wodwala TB ya m'mapapo amapatsidwa, kaya ali ndi chipsera kaya alibe.

Asanayambe, achipatala ayenera kutsimikiza kuti anawo sanadwale kale, chifukwa mwana wodwala amafunika mankhwala angapo ophatikiza, osati amodzi. Adzakufunsani za kutsokomola kopitirira masabata awiri, kutentha thupi kosatha, kufooka, kusiya kusewera kapena kuyamwa. Adzayang'ananso mzere wa sikelo m'kabuku ka mwana. Mzere ukagona kapena kutsika miyezi iwiri yotsatizana, ndi chizindikiro chimene achipatala amachiopa kuposa chifuwa, chifukwa ana ambiri a TB satsokomola kwenikweni, amangoleka kukula. Mwana wamng'ono satha kulavula makhololo, amawameza, choncho akamukayikira amamujambula pachifuwa, kapena kuyeza chimbudzi chake kapena zam'mimba pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert.

Mankhwala a miyezi 6 amenewa ndi isoniazid. Mlingo wake ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, kamodzi patsiku. Khanda la makilogalamu 5 limamwa mamiligalamu 50, kutanthauza theka la piritsi la 100. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: khanda limakula msanga, ndiye mlingo wa mwezi woyamba umakhala utachepa pofika mwezi wachitatu. Ulendo uliwonse wokatenga mankhwala, mwana akwere sikelo ndipo mufunse ngati mlingo ukusintha. Popereka, phwanyani piritsilo pa sipuni, sungunulani ndi timadzi towiritsa kapena mkaka wa m'mawere pang'ono, amwe nthawi yomweyo. Musathire m'mbale yonse ya phala, chifukwa akasiya theka la phalalo wasiyanso theka la mankhwala. Akaphonya tsiku, mawa lake amwe mlingo wake wa nthawi zonse, osawirikiza. Nthawi zina amawonjezera vitamini B6, makamaka kwa ana oyamwa, onyentchera kapena omwe ali ndi HIV. Mukaona maso achikasu, mkodzo woderako kwambiri kapena kusanza kosalekeza, imitsani mankhwala n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Iliponso njira ya miyezi 3 yophatikiza isoniazid ndi rifampicin, yomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza kwa ana. Mukhoza kufunsa ngati ikupezeka komwe mukulandirira thandizo.

Tsopano kachilonda kaja. Kameneko ndiye katemera akugwira ntchito yake. BCG amabayidwa m'kati mwa khungu lenilenilo, osati mu mnofu, mlingo wa 0.05 ml kwa mwana wosakwana chaka. Akabaya bwino pamatukuka kathuza koyera komwe kamazimiririka pasanathe ola. Pakapita masabata awiri mpaka anayi pamatuluka kachiphuphu kofiira, kamaphulika, kamachucha timafinya, kamauma, nthawi zina n'kuphulikanso, mpaka kupola pakati pa miyezi iwiri ndi isanu n'kusiya chipsera chaching'ono chozungulira. Musafinye, musamange bandeji, musapakepo spirit, mafuta, phulusa kapena mankhwala azitsamba ngakhale anthu akulangizeni motani. Msambitseni monga mwa masiku onse, pukutani pamalopo mosamala, ndipo muvekeni malaya osathina pamkono.

Zofunika kuonetsa kuchipatala ndi izi: chotupa chachikulu chotentha pamalo pobayidwapo, chomwe kawirikawiri chimabwera singano ikalowa mozama, kapena mwanabele m'khwapa la mbali yomweyo. Mwanabele wamng'ono wolimba amaphwa yekha pakapita miyezi. Akafewa n'kufiira, achipatala amapopa mafinya ndi singano. Kutema mphini kapena kuboola kunyumba kumasiya bala losapola msanga.

Za mwana wamkuluyo, yambani mwatsegula kabuku kake. Ngati tsiku la BCG linalembedwa, analandira. Pafupifupi mwana mmodzi pa 10 satuluka chipsera, ndipo WHO imanena kuti kusowa chipsera si umboni woti mwana alibe chitetezo. Funso loti kubaya kachiwiri kumathandiza kapena ayi linayankhidwa konkuno kumpoto. Pakati pa 1986 ndi 1989, kafukufuku wa ku Karonga analemba anthu oposa 120,000, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 1996 zinaonetsa kuti BCG wachiwiri anachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma pa TB ya m'mapapo sanawonjezere chitetezo. Ngati m'kabukumo mulibe chilichonse, auzeni alangizi a zaumoyo, koma dziwani kuti adzadikira amalize kaye mankhwala. BCG ndi kachirombo kamoyo, ndipo isoniazid amakapha kasanaphunzitse thupi kanthu.

Chifukwa chomwechi ndi chimene chimapangitsa kuti khanda lobadwa kwa mayi amene wangopezeka ndi TB ya m'mapapo lisabayidwe tsiku lobadwa. Limayamba ndi mankhwala oteteza, likuyamwabe, ndipo katemera amabwera pambuyo. Mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV amabayidwa pobadwa ngati akuoneka wathanzi, n'kudzayezedwa magazi pa masabata 6. Koma mwana amene zadziwika kale kuti ali ndi HIV amadikira ayambe ma ARV ndi kukhala bwino, chifukwa m'thupi lofooka BCG yemweyo amatha kufalikira n'kudwalitsa. Kwa ena owerenga amene anabwezedwa ku sikelo kuti abwere tsiku lina: botolo limodzi la BCG nthawi zambiri limakhala la ana 20, ndipo likasungunulidwa limatayidwa pakatha maola 6, ndiye zipatala zing'onozing'ono zimasonkhanitsa ana tsiku limodzi. Lembani tsikulo, musaliphonye.

Kunyumbako, gwero la kachirombo ndi chifuwa cha agogo, osati mbale kapena kapu yawo, choncho palibe chifukwa chowapatulira ziwiya. Akamamwa mankhwala awo mosadumphitsa, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri pakatha masabata awiri oyambirira. Pa nthawiyi asagone chipinda chimodzi ndi ana, azitseka pakamwa potsokomola, ndipo akafuna kunyamula mdzukulu azimunyamulira pakhonde. Tikudziwa kuti kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julaye kumachititsa anthu kutseka mawindo onse n'kuunjikana pa mbaula, koma m'chipinda chotero kachiromboka kamayandama mumpweya kwa maola angapo. Masana tsegulani mawindo ndi chitseko kuti mphepo idutse.

Akuluakulu onse a m'nyumbamo, kuphatikizapo inuyo ndi bambo a ana, mukayezetsenso. Kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central. Ndipo ngati tsiku lina, ngakhale ali pa mankhwala, khandalo litayamba kugona mopitirira, kuuma khosi, kukomoka kapena liwombo litatukuka, musadikire tsiku la sikelo. Pitani nalo usiku womwewo, mutatenga kabuku kake, ndipo mukangofika munene kuti m'nyumba mwanu muli wodwala TB.