Za ulendo wa ku Gondar

Achimwene, mwafunsa ngati Gondar ya ku Ethiopia nkoyenera kuwonongerako ndalama pa holide, ine ndikuti pitani basi. Kuchokera kuno ku Joni mukwera ndege pa OR Tambo mpaka Addis Ababa, kenako ina yopita ku Gondar. Kuli Fasil Ghebbi, linga la nyumba zachifumu zamiyala, mfumu Fasilides ndi amene anakhazikitsa mzindawu cha mu 1636 ndipo zipupa zake zikadali chilili mpaka pano. Koma ine chinandimaliza ndi tchalitchi cha Debre Berhan Selassie, kudenga konse nkhope za angelo zokhazokha zikukuyang'anani, ndinangoti kukamwa yasa. Mu Januwale kumakhala Timkat, chikondwerero chokumbukira ubatizo wa Yesu, dziwe la Fasilides amalidzaza madzi anthu nkumadumphiramo. Kungoti fufuzani kaye zachitetezo musanagule tikiti, kudera la Amhara komwe kuli Gondar kwakhala kuli nkhondo.