Bwanji ojambula nyama amangoonerera mbawala ikugwidwa?

FUNSO: Akonzi, ine ndi ana anga timakonda mafilimu a nyama pa TV koma dzulo kamtsikana kanga kanalira zoopsa mkango utagwira kamwana ka mbawala, wojambulayo ali phee ndi kamera yake. Anthu amenewa chisoni alibe kapena bwanji? Mayi wa ana atatu, Balaka.

YANKHO: Mayi, mwanayo mumupepese, ngakhale ife akuluakulu zimatikhudza. Koma ojambulawa ali ndi lamulo lawo loti osalowerera za m'tchire, chifukwa mkango uja nawo uli ndi ana akudikira kuyamwa, mukauthamangitsa mbawala yapulumuka inde koma njala mwaitumiza kwa ana a mkangowo, ndiye mwathandiza ndani? Pamenepo ine ndili mbali yawo.

Zomwe zimandipweteka mtima ndi zina, pamene nyama ikuzunzidwa dala kuti filimu ikome. Mu 1958 kampani ya Disney inatulutsa filimu ya White Wilderness yoonetsa timbewa ta kumayiko ozizira totchedwa lemming tikudziponya kuphompho ngati tikudzipha tokha. Bodza lenileni. Timbewato ojambulawo anachita kutibweretsa ku Alberta ku Canada, nkutikankhira okha mu mtsinje wa Bow kamera ikujambula, filimuyo mpaka inawina mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar, ndipo mpaka lero alipo anthu amakhulupirirabe zoti lemming imadzipha. Apo nde nkhanza mayi, kupha nyama komanso kunamiza ife oonera.

Nanga kuthandiza sikuloledwa mpang'ono pomwe? Zinachitikapo. Mu filimu ya BBC ya Dynasties yomwe inatuluka 2018, ku Antarctica, dera lozizira kwambiri la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, mphepo yamkuntho inagwetsera mbalame zosauluka zotchedwa mapengwini ndi anapiye awo m'chigwa chakuya cha madzi oundana moti amalephera kukwera, ena anali atafa kale. Ojambula anayamba angoyang'ana misozi ili mbwembwembwe, kenako anatenga mafosholo nkukumba kanjira kotsetsereka, basi nkuchokapo. Mbalamezo zinakwera zokha. Anthu ena anadandaula kuti aswa lamulo koma ine ndikuti anachita bwino kwabasi, panalibe chilombo chomwe anachilanda chakudya pamenepo, komanso sanagwire pengwini ndi mmodzi yemwe.