Masiku 10 m'kalasi, otsala pa foni: kodi mwana aphunziradi ntchito?

Funso: Mwana wanga wamkazi wangolembedwa ntchito ya pa kauntala, yolandira ndi kupereka ndalama, pa SACCO ina (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake). Amuuza kuti maphunziro atenga miyezi itatu, koma m'kalasi ku Lilongwe akakhalamo masiku 10 okha, asanu poyamba ndi asanu pomaliza. Zotsala aziphunzira pa foni ali kunthambi kwawo. Kale anthu ankapita kukosi miyezi yathunthu. Kodi kumeneku sikupusitsa ana, kuti mawa akashota ndalama adzawaimbe mlandu? (Mayi wa ku Kasungu)

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Kaphunzitsidwe kotereka kanafala kwambiri kuyambira mu 2020 nthawi ya Covid-19, ndipo olemba ntchito anakakonda chifukwa cha ndalama. Kusonkhanitsa antchito a ku Karonga, Kasungu ndi Mulanje malo amodzi kumafuna thiransipoti, pogona ndi alawansi, komanso kauntala imatsala yopanda munthu. Komatu si chinthu chachilendo. Ophunzira a ODeL (maphunziro ochita uli kutali ndi sukulu) ku Mzuzu University akhala akuchita zomwezi kwa zaka zambiri: amabwera kudzakumana ndi aphunzitsi kwa nthawi yochepa, kenako nkumakawerenga ali kwawo. Masiku 10 akhoza kukwana ndithu. Chofunika kufufuza ndi chakuti mbali iti ya ntchito yaikidwa pa foni, iti yaikidwa m'kalasi, ndipo ndani akumuona mwana wanu akamagwira ntchito kunthambiko.

Pa foni pamayenera zinthu zoloweza ndi zowerengetsera. Mitundu ya maakaunti ndi ngongole, kawerengedwe ka chiwongoladzanja, zikalata zofunika potsegula akaunti monga chiphaso cha unzika cha NRB, zomwe lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limafuna pa ndalama zokayikitsa. Zimenezi kuziphunzira pa foni nkwabwino kuposa m'kalasi, chifukwa munthu amabwereza pomwe sanamvetse popanda kuchita manyazi. Phunziro lililonse lisapitirire mphindi 15 kapena 20, ndipo lizitha ndi mafunso asanu kapena khumi oyesera ngati wamva.

Koma zala siziphunzira pa sikirini. Kuwerenga ndalama mwachangu osalakwitsa, kuzindikira K5,000 yachinyengo poikhudza ndi poiyang'ana pakuwala, kufananitsa siginecha, kubalansa ndalama za m'kabati ndi zomwe kompyuta ikuonetsa pofika madzulo, kuyankha membala wokwiya yemwe ngongole yake yakanidwa: zonsezi zimafuna mphunzitsi ali pomwepo, woti amugwire dzanja nkumuuza kuti bwerezanso. Ngati masiku asanu oyambawo athera kumvetsera malankhulidwe a mabwana ndi kuonera zolembedwa pakhoma, ndiye kuti aonongeka. Pa maola asanu ndi limodzi a tsiku la m'kalasi, anayi ayenera kukhala oyeserera ndi manja. Masiku asanu omalizawo ndi obweretsa mavuto omwe wakumana nawo pantchito ndi kuyesedwa akugwira ntchito yeniyeni, osati mayeso olemba okha.

Pali gawo lachitatu lomwe ambiri amaliiwala, pomwe ndi limene limagwirizanitsa awiri enawo. Kunthambi payenera kukhala munthu mmodzi wodziwika dzina, wantchito wakale, amene wapatsidwa udindo womuphunzitsa. Kayendedwe kabwino kamakhala kotere: masabata awiri oyamba wophunzira amakhala pambali nkumaonerera. Masabata anayi otsatira amagwira yekha kauntala koma ndi ndalama zochepa, mnzakeyo ali pafupi, ndipo madzulo amabalansira limodzi. Kenako amasiyidwa yekha, koma ntchito yake imaunikidwa kamodzi pa sabata. Payenera kukhalanso pepala la luso lililonse, lomwe womuphunzitsayo amasainira akaona ndi maso kuti wakhoza. Pepala limeneli ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Tsiku lomwe ndalama zashota, ndilo limasonyeza ngati anamusiya yekha nthawi isanakwane.

Tsopano zomwe zimaononga maphunziro oterewa. Choyamba ndi nthawi. Mabwana ambiri amangoti "uzichita ukaweruka", ndipo mwana amatsegula phunziro 9 koloko usiku atatopa, nkumangodina kuti lidutse. Maphunziro omwe kampani yalamula ndi ntchito, ayenera kupatsidwa nthawi yake masana. Maola atatu kapena anayi pa sabata amakwana, makamaka pakati pa mwezi, pakuti kumapeto kwa mwezi mizere imatalika ndipo palibe manijala angalole kauntala itsekedwe.

Kenako bandulo. Ola limodzi la Zoom makamera ali oyatsa limatha kudya pafupifupi 1GB, pomwe mawu okha sadutsa 50MB. Wongoyamba ntchito sangamagule zimenezi ndi malipiro ake, choncho afunse msanga ngati kampani ipereka bandulo ya Airtel kapena TNM, kapena ngati adzaloledwa kugwiritsa ntchito intaneti ya muofesi. Ngati maphunziro ali pa Moodle (tsamba la pa intaneti loikapo maphunziro), pulogalamu yake ya pa foni imalola kutsitsa phunziro nkumawerenga netiweki kulibe. Atsitse zonse za sabata Lolemba ali kuofesi. Magetsi a ESCOM akathima kapena netiweki ikadula, phunziro la pompopompo limamudutsa, ndiye ophunzitsa ayenera kumalijambula, kapena kutumiza chidule chake ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp. Aphunzitsinso adziwe kuti Zoom yaulere imadula ikakwana mphindi 40.

Vuto lobisika kwambiri ndi la kulowa mu phunziro dzina lokha. Foni ili pa tebulo, maikolofoni ndi yotseka, mwini wake akutumikira anthu kapena akuphika. Kaundula amaonetsa kuti onse analipo, chonsecho palibe wamva kanthu. Mankhwala ake ndi gulu laling'ono, anthu osapitirira 15, ndipo mphunzitsi azitchula maina pofunsa mafunso. Pa mayeso a pa foni, anzake adzamutumizira mayankho pagulu la WhatsApp, zimenezo nzosachita kufunsa. Mumuuze kuti asakopere. Wokopera amakhoza mayesowo, koma pa kauntala amakakhala yekha ndi ndalama za anthu.

Zimachitikanso kuti mphunzitsi wa pa intaneti ndi wa m'kalasi sakudziwana. Wa m'kalasi amayambiranso zomwe zinaphunzitsidwa kale pa foni, ndipo amene anawerenga amaona kuti anadzivutitsa chabe. Malo okonzekera bwino amaika lamulo loti munthu asalowe m'kalasi yomaliza asanamalize za pa foni ndi kukhoza malikisi omwe anaikidwa.

Mwana wanu achite mbali yake motere. Akhale ndi kope limodzi lolembamo pa dzanja zomwe waphunzira pa foni, ndi tsamba lapadera la mafunso okafunsa womuphunzitsa m'mawa mwake. Chilichonse chomwe wawerenga achiyesere pantchito asanathe masiku awiri, chifukwa chomwe sichinagwiritsidwe ntchito chimaiwalika msanga. Asaperekenso nambala yake yachinsinsi ya pa kompyuta kwa wina aliyense, ngakhale womuphunzitsayo, popeza chilichonse cholowetsedwa ndi nambalayo chimawerengedwa kuti wachita ndi iye. Inunso kunyumba mumupatse mpata madzulo ena, ntchito zapakhomo zisamupanikize masiku a mayeso.

Za satifiketi, musayembekezere zambiri. Pepala la maphunziro a m'kati mwa kampani limagwira ntchito pakampani pomwepo, ndipo pa CV limangothandiza pang'ono. Ngati akufuna pepala loyenda nalo kwina, aone ngati sukulu ndi kosi yake nzovomerezeka ndi NCHE, bungwe loona za sukulu za ukachenjede, kapena ndi TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso. Olemba ntchito m'Malawi amapereka msonkho wothandizira maphunziro a luso (TEVET) wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, choncho kufunsa za maphunziro oonjezera sikupempha chifundo.

Pa mlandu womwe mukuuopa, mayankho ali m'kalata yake ya ntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limalola nthawi yoyeserera ntchito yosapitirira miyezi 12 kwa wantchito waluso, ndipo m'nthawiyi mgwirizano ukhoza kuthetsedwa popanda kupereka notisi. Ndiye adziwe ngati kulephera mayeso a pa foni kungamuchotsetse ntchito, ndi kangati angaloledwe kubwereza. Aonenso ngati pali chiganizo chomumanga kuti agwire zaka zakuti pambuyo pa maphunziro, apo ayi abweze ndalama zomwe anamuphunzitsira, ndipo ndalamazo zilembedwe kuchuluka kwake asanasaine. Chomaliza, afunse kwa akulu oona za antchito kuti ndalama zikashota pomwe iye akadali wophunzira amalipira ndani, ndipo yankholo alilandire lolembedwa, kope lake alisunge kunyumba.