Poyankha za kutsegula nthambi ya SCA kuno ku Lusaka

M'bale wanga, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mulipo asanu ndi awiri, mumakumana ku Chelstone, ndipo mukufuna kudziwa poyambira kuti mukhale nthambi yovomerezeka ya SCA. Ine ndinasewera nawo zaka zinayi pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo nditabwerako ndinayesapo kuyambitsa gulu kuno koma linafera m'mazira. Ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Kwa anzathu amene simukulidziwa, SCA ndi Society for Creative Anachronism, bungwe lomwe linayamba ku Berkeley, California, mu 1966. Anthu ake amaphunzira moyo wa makolo a chaka cha 1600 chisanafike pouchita ndi manja: kusoka, kuphika, kusula, kuimba, kuponya mivi ndi kumenyana atavala zachitsulo. Madera anawagawa m'maufumu amasewera, ndipo Africa ili mu ufumu wa Drachenwald pamodzi ndi Europe ndi Middle East. Choncho kalata yanu yoyamba ipite kwa seneschal wa Drachenwald, yemwe amayendetsa za malamulo ndi makalata. Musadikire kuti zonse zikonzeke, mulembereni pano.

Nthambi yaing'ono yoima payokha amaitcha shire. Imafuna mamembala olipira osachepera 5, ndi maudindo atatu: seneschal wanu, exchequer amene ndi msungichuma, ndi mmodzi mwa awa, herald wa mayina ndi zizindikiro, marshal woyang'anira nkhondo, kapena woyang'anira za luso. Nthambi yokulirapo, yotchedwa barony, imafuna anthu 25, imeneyo iwalani kaye. Poyamba mudzakhala gulu longoyesedwa, amati incipient, ndipo amaona ngati mukukumanadi komanso ngati malipoti akufika pa nthawi yake.

Asanuwo ndi amene nkhani yonse yagona. Sindikunena okonda zithunzi zanu pa Facebook ayi. Ndikunena munthu woti Loweruka la mu January, mvula ikukhuthuka, misewu ya mu komboni ili matope okhaokha, akwera minibasi ziwiri n'kufika ndi singano yake. Kumanani miyezi ingapo, tsiku lomwelo, malo omwewo, muwerenge okhala. Amenewo ndiwo nthambi yanu.

Ife chinatigwetsa ndi ndalama. Tinkasonkha pang'onopang'ono n'kumaika mu foni ya mnzathu mmodzi, yemwenso anali mtsogoleri. Sanali wakuba, ndikunenetsa. Kunagwa maliro kwawo ku Petauke, anatapa ndalamazo kuti akwere basi, akuti adzabweza mwezi ukatha. Sanathe. Manyazi anamugwira, anasiya kubwera, ndipo anzake awiri amene anabwera nawo anatsalira limodzi naye. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa munthuyo ndiye ankadziwa kusoka nsapato zachikopa kuposa tonse. Ndiye chonde, msungichuma akhale wina, mtsogoleri wina, asakhalenso a nyumba imodzi. Potulutsa ndalama asaine awiri, ndipo kabuku kaziwerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse. Mukafuna akaunti ya ku banki m'dzina la gulu, mudzafunika kulembetsa kwa Registrar of Societies, koma yambani mwafunsa a Drachenwald mmene amachitira ndi magulu a m'mayiko ena.

Dzina la nthambi musalithamangire. Limapita ku College of Arms, ofesi ya SCA yovomereza mayina ndi zizindikiro, liyenera kumveka ngati dzina la malo la nthawi imeneyo, lisafanane ndi la ena, ndipo yankho limatenga miyezi. Chizindikiro cha nthambi chimakhala ndi nkhata ya masamba a laurel. Musasindikize mbendera lisanavomerezedwe.

Ndikudziwa anyamata anu akufuna nkhondo. Malupanga a SCA ndi a rattan, ndodo yofanana ndi nsungwi koma yopanda mphako, chifukwa ikatha imangonyenyeka ngati tsache. Nsungwi zathuzi zikasweka zimatuluka mipeni. Ndinaona ndi maso anga kachidutswa katalowa pamkono pa mnyamata, pamwamba pa golovesi, magazi chuu. Chisoti chimafuna chitsulo chosachepera mamilimita 1.6. Amisiri a ku Kalingalinga akhoza kuchipanga mukawapatsa muyeso, koma popanda marshal wovomerezeka wochiyendera ndi kukuyesani, simumenyana m'dzina la bungwe. Yambani ndi zovala ndi mphika, nkhondo idzabwera mukapeza woti akuphunzitseni, kaya wochokera ku South Africa. Ndipo chikondwerero chanu choyamba chikhale cha June kapena July. Kuvala chitsulo mu October kuno n'kudziphika.

Chomwe ndimafunitsitsa n'chakuti tisakhale tonse asilikali a ku England. Nthawi yomweyo kuno kunali anthu. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Siavonga, mu 1960 anafukula manda okhala ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa ndi zotsalira za nsalu, umboni wa malonda ofika mpaka kunyanja ya Indian Ocean. Kuli Great Zimbabwe, kuli ufumu wa Maravi wa a Kalonga. Wina akaphunzira kupota thonje kapena kukoka waya wa mkuwa monga ankachitira pa Zambezi, abweretsa chinthu chomwe anzathu a ku Sweden sanachionepo. Koma pali malire. Gule Wamkulu si chovala chamasewera, ndipo za ufumu wa Gawa Undi zomwe timaona pa Kulamba ku Mkaika ndi zamoyo, zili ndi eni ake. Zimenezo musazikhudze. Akuluakulu akamva mukuti mfumu ya Drachenwald, afotokozereni bwinobwino kuti ndi mpando wamasewera, womwe munthu amaupata popambana mpikisano n'kuusiya pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Mukandilola ndibwera Loweruka likubwerali. Aliyense agule mamita anayi a nsalu ya thonje yopanda maluwa ku Kamwala, aichape kaye kuti ifote. Ine ndibweretsa lumo, choko ndi mkanjo wanga wakale kuti tidulirepo.