Mlenje sanyamula nkhwangwa, nanga mitengo imatha bwanji?

Aphunzitsi ena a ku Namwera anditumizira funso pa imelo. Iwo akuti atauza ana m'kalasi kuti kupha nyama zakuthengo kumathetsa mitengo m'nkhalango zowirira za mvula yambiri, monga za ku Congo ndi Amazon, mwana wina anawafunsa kuti: "Mlenje amanyamula mfuti ndi waya, osati nkhwangwa, ndiye mtengo ugwa bwanji?"

Aphunzitsi, mwanayo sanalakwe, chifukwa mtengowo sugwa ayi. Chimene chimasowa ndi mbande yodzalowa m'malo mwake ukadzakalamba, ndipo poti mitengo ikuluikulu imatha kukhala zaka mazana, munthu wodutsa amaona masamba obiriwira n'kumati zonse zili bwino. M'chaka cha 1992 katswiri wina, Kent Redford, anatcha nkhalango yotere kuti nkhalango yopanda kanthu, kutanthauza kuti mitengo ilimo koma nyama zake zinatha.

Nkhani yagona pa njere. M'nkhalango zimenezi mitundu ya mitengo yoposa theka imadalira nyama kuti njere zake zifike kutali: anyani, mileme, mbalame ndi njovu zimadya chipatso pano, n'kukataya njere m'ndowe kwina. Njere yogwera patsinde pa mayi wake kawirikawiri siipulumuka, popeza pamenepo ndi pamene pamasonkhana tizilombo tofumbutsa njere ndi matenda okonda mtengo wa mtundu womwewo, mfundo imene akatswiri Daniel Janzen ndi Joseph Connell anafotokoza mu 1970 ndi 1971. Tsono mlenje sataya chipolopolo pa kanyama kakang'ono. Amafuna nyama yaikulu, yomwenso ndi yokhayo yotha kumeza njere yaikulu. Zipatso zimangounjikana pansi n'kuwola, pamene mitengo ndi zilambe za njere zouluka ndi mphepo zikuchulukana.

Njovu ndiye chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri. M'nkhalango ya Kibale ku Uganda muli mtengo wotchedwa Balanites wilsoniana, umene njere zake n'zazikulu moti pafupifupi njovu yokha ndiyo imazimeza ndi kuzimwaza, ndipo zodutsa m'mimba mwake zimamera bwino kuposa zongogwa pansi. Koma pakati pa 2002 ndi 2011 njovu za m'nkhalango za pakati pa Africa zinachepa ndi 62 pa 100 zilizonse chifukwa cha opha mozembera ofuna minyanga. Ku Brazil nako, m'madera amene mbalame za milomo ikuluikulu zotchedwa toucan zinatha, ofufuza anapeza mu 2013 kuti njere za mtengo wa Euterpe edulis zinachepa msinkhu, chifukwa mbalame zotsala zimameza tinjere tating'ono tokha, ndipo tinjere totere timauma msanga kukakhala ng'amba.

Ndikupempheni kuti musauze ana kuti kwathu kuno zili chimodzimodzi. Nkhalango za Namizimu, Phirilongwe ndi Mangochi n'za miombo, ndipo miombo siyembekezera nyama. Aliyense amene anayendapo m'phiri nyengo yotentha anamva makoko ake akuphulika, thwa, njere n'kuulukira patali. Chimene chikutimalizira miombo ndi makala, minda ndi moto wolusa, ngakhale kuti motowo nthawi zambiri amauyatsa ndi osaka mbewa ndi agwape omwe.

Komabe mitengo ya zipatso imene timaikonda, monga malambe, mfula, masuku, nkhuyu ndi mivumo ya m'mbali mwa nyanja, nayo imathandizidwa ndi anyani, mileme ndi njovu. Njovu za ku Phirilongwe zinasamutsidwira ku Majete mu 2009 zitavutana kwambiri ndi anthu a m'midzi, ndipo ine sindinganene kuti kunali kulakwa, popeza zinkaononga minda ndi kupha anthu. Koma ntchito yomwaza njere imene zinkagwira m'phirimo inapita nazo limodzi.

Ngati mukufuna kuti mwana wa funso uja adzionere yekha, mupite nawo anawo pansi pa mkuyu umene mileme imadyapo usiku. Awerenge mbande zimene zamera patsinde penipeni, kenako ayende kamtunda pang'ono akuyang'ana m'ming'alu ya miyala ndi m'mphanda za mitengo ina, ndipo akapezamo kamkuyu muwafunse kuti njere yake inakwera bwanji pamenepo.