Yankho pa modemu ya USB yosagwira pa Ubuntu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene modemu yanu ya Huawei imaonekera ngati CD mukailowetsa m'kompyuta ya Ubuntu, m'malo molumikiza intaneti. Musade nkhawa, modemuyo sinawonongeke. Mamodemu ambiri amayamba kudzionetsa motero chifukwa mkati mwake anasungamo pulogalamu ya Windows, ndipo pa Linux, monga Ubuntu yanuyo, pamafunika pulogalamu yotchedwa usb-modeswitch kuti isinthe kachipangizoko kayambe kugwira ntchito ya modemu. Tsegulani terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, mulembe lsusb kuti muone zipangizo za USB zolumikizidwa, ndipo mukaona mzere wokhala ndi 12d1, yomwe ndi nambala ya Huawei, dziwani kuti kompyuta yaizindikira. Kenaka lumikizani kompyutayo ku hotspot ya foni yanu, mulembe sudo apt install usb-modeswitch modemmanager, muzule modemuyo n'kuibwezeranso.

Komabe chimene chimakola ambiri a ife kuno ku Johannesburg ndi SIM khadi. Onetsetsani kuti inalembetsedwa motsatira RICA, lamulo la ku South Africa lolembetsera ma SIM khadi, ndiponso muiike kaye m'foni kuti muchotse PIN, popeza PIN ikatsala modemu imangophethira kanyali kake osalumikiza. Pa Vodacom ndi MTN, APN yake, dzina limene mumalemba pokonza kalumikizidwe ka intaneti, ndi mawu akuti internet. Ineyo ndinachezera usiku wonse ku Yeoville ndikulimbana ndi terminal, pamene vuto linali lakuti data inali itatha kalekale.