Nyerere zofiira za m'mango zija musazithire mankhwala

Achimwene a ku Senga Bay, mwafunsa ngati muthire mankhwala nyerere zofiira zosoka zisa ndi masamba a mango, poti ana akulumidwa akamathyola. Ayi, zisiyeni, ndi alonda anu amenewo. Ntchentche yoboola zipatso ya Bactrocera dorsalis, yomwe inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003, imapewa kuikira mazira pa mango pomwe nyererezi zadutsa chifukwa zimasiyapo fungo. Mukazipha lero, mu Disembala muzidzatola mango a mphutsi okhaokha.

Mtundu wa nyerere zimenezi ndi Oecophylla longinoda, ndipo ulibe mbola. Nyerereyo imakakamira khungu ndi zibwano, kenaka imapinda kumbuyo kwake n'kuthira asidi pabalapo, n'chifukwa chake pamawawa ngati mwapakapo tsabola. Imodzi ikadzidzimuka imatulutsa fungo loitana zinzake, ndiye nyerere zikuluzikulu zimakhamukira pamwamba pa chisa, zibwano zili yasa. Kugwedeza nthambi kapena kugenda mango ndi miyala ndiko kuziputa kwenikweni.

Muzithyola m'mamawa kusanatenthe, zisanayambe kuyendayenda kwambiri. Wokwera mumtengo apake phulusa louma m'manja, m'mikono ndi m'mapazi, nyerere zimaterereka n'kugwa. Koma bwino kuima pansi ndi nsungwi yomangirira kathumba kunsonga, osakhudza chisa. Ana aang'ono asakwere n'komwe.

Mukafuna kuti zifike m'mitengo momwe mulibe, mangani chingwe kuchokera pa nthambi ya mtengo womwe zili. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Banja lililonse lili ndi mitengo yake, ndipo mabanja awiri akakumana amaphana. Choncho yambani mwayesa: tengani nyerere zochepa pa tsamba, muziike pa mtengo winawo. Zikagwidwa miyendo ndi nyerere za pamenepo n'kutambasulidwa mbali zonse, amenewo ndi adani, musalumikize. Dulaninso nthambi zogunda pansi, chifukwa ndi momwe tinyerere tapansi ta mitu ikuluikulu timakwerera kukaphwasula zisa.

Vuto lake lilipo, tisabise. Nyerere zofiirazi zimaweta tizilombo toyamwa madzi a mtengo kuti zizinyambita timadzi totsekemera, ndipo asidi uja amasiya timadontho takuda pa khungu la mango. M'kati mwake mumakhala bwinobwino, kungoti ogula ena pa msika wa Kamuzu Road amatengerapo mwayi wotsitsa mtengo.